Laputopu Yowotcha ya a Ambrosi

Zaka makumi atatu ndi ziwiri zakwana chiwadziwireni a Ambrosi. Anafika ku Bangwe kuchokera ku Nsanje ndi kachikwama ka zipangizo, nakhazika benchi pakhonde la golosale pafupi ndi msika. Poyamba ankakonza mawailesi. Mawailesi atachepa anaphunzira mafoni, kenako malaputopu a kaunjika, ogwira kale ntchito kunja. Dzanja lawo ndi labwino, mowa samwa, ndipo Lamulungu lililonse amaimba besi m'kwaya. Koma munthu tikamamunena tizinena ndi chipsera chake chomwe.

M'kati mwa laputopu muli kachipangizo kotulutsa zithunzi pa sikirini, amisiri amati chipu cha zithunzi. Makina akakalamba, fumbi n'kutseka fani, chipucho chimatentha mpaka mtovu wochimatira pa bolodi, kathabwa konyamula zipangizo zonse, umang'aluka. Sikirini imayamba mizeremizere, kenako bii. Amisiri apamsika ali ndi njira yawo: amachiuzira mpweya wamoto ndi bulowa, mtovu uja n'kugwirananso. Amati kuwotcha. Laputopu yowotcha imadzuka ngati yatsopano, koma mmisiri aliyense amadziwa kuti ndi wodwala amene wadzuka kuti atsanzike. Mwezi umodzi, mwina itatu, basi.

Tsiku lina pabenchipo panafika a Onesimo, mnzawo wa kumudzi ndi wa m'kwaya yomweyo, ali ndi mwana wawo Olivia, amene ankamaliza maphunziro ojambula mapulani a nyumba ku koleji.

"Achimwene, mwana wanu uyu akufuna laputopu," anatero a Onesimo. "Ine pa zimenezi ndine mbuli. Maso anga ndi inuyo."

"Ankolo, ikhale yosaimaima ndikamajambula," anawonjezera Olivia.

"Iwe, ukuyesa ndimagulitsa mbatata pano?" anaseka a Ambrosi.

Pashelefu panali ziwiri. Ina inali yaing'ono, yochedwa koma yamoyo. Ina inali yaikulu, yonyezimira, imene a Ambrosi anali atawotcha dzana lake. Maso a Olivia anakakamira pa yaikuluyo. A Ambrosi anafuna kunena zoona, koma pabenchi panali makasitomala ena akumvetsera.

"Ndi yabwinobwino?" anafunsa a Onesimo.

"Iyi ndi ng'ombe yapangolo," anayankha. Kenako, ngati kupepesa mtima wawo, anatola zitsekerero zinayi za mabotolo. "Uziyiika patebulo, pamwamba pa izi, kuti mpweya uzidutsa pansi."

Mapulogalamu ojambulira mapulani ndi olemera, amatenthetsa chipu kuposa ntchito ina iliyonse. A Ambrosi ankadziwa zimenezo. Patatha masabata asanu ndi awiri, m'mawa wa tsiku loti Olivia aonetse ntchito yake yomaliza kwa aphunzitsi, sikirini inachita mizere yobiriwira n'kuzima. Olivia anakwera minibasi kuthamangira ku Bangwe, misozi ili chuchuchu. A Ambrosi anachotsa hadi disiki, mosungira ntchito zonse za m'laputopu, n'kupulumutsa mapulani onse. Koma pamene Olivia ankabwerera ku koleji, aphunzitsi anali atabalalika kale. Anamuuza kuti adikire chaka chamawa.

Madzulo a tsiku lomwelo a Onesimo anabwera naye.

"Achimwene, tandiuzani, chapha makinawa n'chiyani?"

A Ambrosi anayang'ana pansi, akupukuta sikuludiraiva yomwe inali yoyera kale. "Ana a masiku ano amaika laputopu pamatiresi, pabulangete. Fani ingapume bwanji?"

Sananene kuti Olivia ndi amene anatero. Mpaka lero amadzitonthoza ndi mawu amenewo. Koma bodza silisowa kutchula dzina kuti likhale bodza.

"Adadi, ine ndimaika patebulo, pa zitsekerero zija!"

"Khala chete! Ukufuna kutsutsa ankolo ako?"

Kuyambira tsikulo a Onesimo ankamutcha wosasamala, ngakhale pamaso pa ang'ono ake. Mbale ikasweka m'nyumba, ankati, "Funsani wa matiresi uyo."

Olivia sanagonje. Anatenga laputopu yakufayo kupita nayo kwa mmisiri wina ku Limbe, amene anaitsegula n'kumuonetsa bolodi. Kuzungulira chipu kunali kofiirira ngati pansi pa mphika. Anabwerera nayo ku Bangwe, naiika pabenchi mwakachetechete.

"Ankolo, munaiwotcha."

A Ambrosi sanakane. Anati amupatsa ina, yabwino, asankhe yekha.

"Ina ndabwereka kale kwa mnzanga. Chaka chatayika, sichibweranso. Chimene ndikufuna n'chimodzi: mukawauze adadi. Ine sangandikhulupirire, koma inu akumverani."

"Ndipita Loweruka, mwana wanga."

Pali zimene zinasintha, ndipo chilungamo chikufuna tizinene. Laputopu iliyonse imene a Ambrosi awotcha masiku ano amaidonthezera kadontho ka penti yofiira kunsi, ndipo wogula amamuuza poyera kuti iyi ndi ya masiku owerengeka, si yojambulira, si ya mayeso. Ambiri amachoka osagula. Amisiri anzawo amawaseka: "Abambo mfumu afika! Lero tilapa nthawi yanji?" Iwo amangopitiriza kupukuta mafani ndi kabulashi ka mano.

Olivia anamaliza chaka chotsatira, ndipo tsopano amagwira ntchito m'tauni. Akamadutsa pamsika amawapatsa moni mwaulemu, koma saima.

Loweruka lija ndi limene silinafike. Papita zaka ziwiri. Kawiri konse a Ambrosi anavala jekete, nayenda mpaka pa mjigo umene uli kuseri kwa nyumba ya a Onesimo, n'kubwerera. Ulendo woyamba anati kunali alendo. Wachiwiri sananene chifukwa. Lamulungu awiriwa amaima phewa ndi phewa m'kwaya, akuwerenga buku limodzi la nyimbo, ndipo a Onesimo amauzabe anthu kuti mu Bangwe monse mmisiri woona ndi mmodzi yekha.

Bolodi yofiirira ija a Ambrosi anaipachika pamsomali pamwamba pa benchi, pamene maso awo amafika akangodzutsa mutu. Kasitomala akafunsa kuti n'chiyani, amati ndi katundu wa mwini, akuyenera kukamutula okha. Kwa a Onesimo ndi ulendo wa mphindi khumi wapansi. Olivia akudikirabe.