Loya wodikirira matenda

Mirriam wa ku Golomoti anaphunzira zamalamulo ndi thukuta la mayi ake, a Esnath, amene anapsa ndi dzuwa akugulitsa mpunga pamsewu mpaka mwanayo atavala mkanjo wakuda. Ntchito anaipeza ku Lilongwe, pakampani ya maloya, iye ali wamng'ono kwa onse. Ndipo kumeneko wamng'ono ndiye bulu: mafayilo asenze ndiye, milandu yotopetsa alembe ndiye, potseka chitseko akhalenso ndiye.

Mayi ake atagonekedwa kuchipatala ku Mua, panalibe mwana wina wamkazi wodikirira matendawo. Wodwala safuna dokotala yekha ayi, amafuna womuphikira phala, womusambitsa, womutembenuza. Mirriam anapempha tchuthi. Abwana ake, a Laisoni, munthu woseka ndi mano okha, anati tchuthi n'chachikale, masiku ano kampani yawo imalola achinyamata kugwirira ntchito kulikonse, pa nthawi imene asankha okha. Mtsikana anathokoza mpaka kuwomba m'manja. Kalanga ine, kupusa kwake! Ku ofesi ankaweruka ndithu, ngakhale mochedwa. Ku Mua kuweruka kunatheratu. Foni inkalira ali ndi supuni ya phala m'manja, ndipo netiweki inkagwira bwino pamtengo wa mango kunja kwa mpanda basi.

Ngati zimenezo sizinakwane, amalume ake, a Gidiyoni, anauza mudzi wonse kuti loya wabwera, akungokhala. Anthu anayamba kufika ndi nthochi, ati kudzazonda matenda. Nanga wozonda matenda n'kumupirikitsa? Ankapereka moni kwa wodwala mwachidule, kenaka n'kumukokera Mirriam pakhonde: uyu za malire a dimba, uyu za mbuzi zodya mmera. Iye ankadana nawo onse, abwana ndi abale omwe, koma ulemu unamumanga pakamwa.

M'mawa wina a Esnath anadzuka akupuma mobanika. Anagwira mwana wawo chitenje.

"Lero usachoke, mwana wanga."

Foni inalira. A Laisoni anati woimbidwa mlandu wina wakhala kale mu ofesi kudikira kulankhula naye pafoni, nkhani yake ndi yaifupi, ndipo wokana kuyankha foni asaiwale kuti maloya osowa ntchito ali mbwee m'tauni. Mirriam anamasula zala za mayi ake pachitenje, napempha a Rahema, amene ankadikirira wodwala wa bedi loyandikana, kuti amuyang'anireko. Anathamangira kumango kuja. Nkhani yaifupiyo inatalika ngati msewu wa ku Salima. Pobwerera, amalume anamutsekera njira pageti, ali ndi mkulu wina wa mlandu wa dimba. Moni wake wosatha, kufunsa za kumudzi, za mvula, za ana. Ali pakati pa moniyo anamva azimayi akubuma m'wodi.

Anapeza a Rahema atawatseka kale maso mayi ake, atawafunditsa nsalu. Amalume anafika pambuyo pake akupukusa mutu, nanena mokweza kuti ana ophunzirawa amakonda foni kuposa owabereka. Mirriam anawayang'ana ndi diso loti akanakhala wina akanaphwa. Anangofunsa a Rahema ngati mayi ake ananena kanthu.

A Rahema anayankha motsitsa.

"Amaitana dzina lanu, achemwali. Maso anali atasiya kuona. Ndinangowagwira dzanja n'kuvomera ine kuti ndili pano, amayi."

M'chikwama foni inayambanso kulira.