Mita Nambala 14

Magetsi a dzuwa atafika m'mudzi mwathu ku Nazombe, anthu anandisankha kukhala wapampando wa komiti. Ndine amene ndinaletsa kuphikira pa mbaula yamagetsi, chifukwa imodzi yokha imathimitsa mudzi wonse.

Tsiku lina katswiri wa kampani anabwera kumsonkhano ndi kompyuta. Anati mamita athu amatumiza okha uthenga wa momwe nyumba iliyonse ikugwiritsira ntchito magetsi, ndipo makina apeza kuti mita nambala 14 ndiyo imatithimitsira masana aliwonse.

"Ndi ya ndani?" anafunsa.

Inali yanga, ndipo mbaulayo ndinkaibisa kunsi kwa bedi. Koma anthu onse anatembenukira kwa Mayi Namakhwa, ogulitsa zitumbuwa, nanenso ndinatembenuka nawo.

"A Tcheya, ine ngakhale ayironi ndilibe," anatero mayiwo, misozi ikulengeza.

Ndinakhosomola, n'kupempha anthu kuti tiwakhululukire. Mpaka lero sindinawapepese.

Potsanzika, katswiri uja anandigwira dzanja kwa nthawi yaitali. "Makina akulosera kuti mawa magetsi athimanso, bambo."

Ndinapukusa mutu modandaula kwambiri. Koma nyemba za mawalo ndinali nditaviika kale.