Wokolopa ndi Swichi ya Pakhoma

Inu amene mukuona ngati anzanu onse akupitirirani, ndikuuzeni za mayi wina. Ndineneretu, mayiyu sanali mngelo ayi. Anali ndi nsanje, nsanje yochita kumuwawa m'mimba.

Anamuchotsa ntchito Lachiwiri m'mawa, mopu ili m'manja, pakhonde la ofesi pasanaume n'komwe.

Ankakolopa pakampani ina yonyamula katundu pa malole. Amene anamupezera ntchitoyo anali mng'ono wake weniweni, wa mimba imodzi, yemwe anali sekilitale pomwepo. Mkuluyu analephera mayeso omaliza a sekondale kawiri. Mng'ono wakeyo anakhoza ulendo umodzi, ngati akumwa madzi. Ndiye taganizani, m'mawa uliwonse mkulu agwade kupukuta miyendo ya mpando wozungulira, mng'ono wake atakhalapo, akungokweza mapazi. "Asisi, apa mwasiyapo fumbi." Aaa! Inuyo mukanamva bwanji?

Pa ofesipo panali lamulo la bwana, lolembedwa papepala n'kumatidwa pachitseko: poweruka, wokolopa azizimitsa maswichi onse a pakhoma, kuopa moto. Mayiyu ankalitsata tsiku ndi tsiku. Lolemba madzulo anapeza sikirini ya mng'ono wake ili bii, anadina swichi monga mwa masiku onse, n'kumapita kwawo. Sanadziwe kuti kompyutayo inali isanazime. Inangodetsa sikirini, koma mkati pulogalamu ya maimelo inali ikugwirabe ntchito.

Kutacha, bokosi la maimelo linakana kutseguka. Makalata a zaka zisanu ndi chimodzi, a makasitomala, a madalaivala, a mwini nyumba, onse zii.

Anaitana katswiri. Kunabwera bambo wa tayi, wonunkhira bwino, kachikwama m'manja. Anakhala pakompyutapo mphindi khumi, n'kupukusa mutu.

"Fayilo yafa iyi. Magetsi anazima pulogalamu ili mkati molemba. Amazimitsa pakhoma ndani?"

Mitu yonse inatembenukira kwa mayi wa mopu. Iye anayang'ana mng'ono wake, kudikira kuti anenepo kanthu. Mng'onoyo anangoyang'ana zikhadabo zake.

Lamulo linali la bwana, pepala lili pachitseko pomwepo, koma munaonapo bwana akudzichotsa ntchito yekha? Katswiri uja anatsegula bokosi latsopano lopanda kanthu, ndipo anamupatsa tiyi m'kapu ya alendo. Wokolopa anamupatsa kalata yoti asadzapondenso pamalopo. Akutuluka pageti, dalaivala wina anakuwa kuti, "Mayi Swichi akupita!" Anthu anafa nacho chikhakhali, ndipo dzinalo linamumata mpaka kwawo.

Kunyumba nakonso kunalibe womupepesa. Mayi awo anangoti, "Mng'ono wako wakuvutikira, iwe wakamuchititsa manyazi pamaso pa abwana."

Wokolopa uja anapsa mtima. Koma chimene chinkamudya kwambiri sichinali mng'ono wake yekha. Anali bambo wa tayi uja. Mphindi khumi zokha, osakonza chilichonse, koma bwana mpaka kumuperekeza pageti! Mayiyu ankachapa zovala za anthu kuti apeze podyera, ndipo akamafinya malaya ankadziyankhulira yekha kuti, "Akudziwa chiyani amene uja chimene sichingalowe m'mutu mwangamu?"

Kuseri kwa msika kunali kashopu ka mkulu wina wokonza makompyuta. Anthu ankawatcha a Magalasi, chifukwa ankavala magalasi awiri, ena pamphuno, ena pachipumi. Tsiku lina masana mayiyu analowa m'menemo, manja atatuwa ndi sopo.

"Bambo, ndikufuna ndizisesa muno."

"Ndinalemba pati kuti ndikufuna wosesa?"

"Simunalembe. Koma fumbi ili likupha makompyuta anuwa. Ine ndizisesa, inu mundiuze chimene chinafa m'kompyuta imene anandichotsera ntchito."

A Magalasi anamvetsera nkhani yonse. Kenako anatenga chibuku chakale pashelefu, n'kung'amba tsamba loyamba.

"Maimelo onse amakhala m'fayilo imodzi, ngati buku ili. Kutsogolo kuli mndandanda wonena kuti kalata yakuti ili patsamba lakuti. Ukazimitsa magetsi pulogalamu ikulemba, chimene chimang'ambika ndi mndandandawo. Pulogalamu ikaufuna n'kuusowa, imanyanyala."

"Nanga makalatawo?"

"Nthawi zambiri amakhala ali momwemo."

Mayiyu anayang'anitsitsa buku long'ambika lija. Ndiye kuti anamuthamangitsira zinthu zoti mwina zilipo! Tsiku lomwelo anamuimbira mng'ono wake, n'kumuuza kuti makalata aja mwina alipo. Yankho lake linali lalifupi: "Asisi, katswiri ananena kale. Zisiyeni izi, si za inu."

Si za inu. Mawu atatu amenewo, abale, ndi amene anamuphunzitsa makompyuta.

Pakona pa shopuyo panali kompyuta yokalamba imene mwini wake anaitaya. A Magalasi anamupatsa kuti azisewera nayo. Mayiyu ankadzaza bokosi la maimelo ndi makalata abodza, ndipo pulogalamu ili mkati molemba, ankapita pakhoma n'kudina swichi. Inde, chinthu chomwecho chimene chinamuchotsetsa ntchito, tsopano ankachichita dala. Nthawi zina ankazimitsa kakhumi fayilo isanaonongeke. Ikaonongeka ankaomba m'manja, n'kukhala pansi kuyamba kuidzutsa.

Ulendo woyamba anaiononga kuposa poyamba. A Magalasi anavula magalasi onse awiri.

"Usanakhudze, kopera! Fayilo ya mwini wake sugwira, umagwira kope lake. Kope likafa umakoperanso. Yeniyeniyo ikafa udzawauza chiyani anthu?"

Chingerezi cha pasikirini chinkamuzunguza mutu. Uthenga uliwonse umene kompyuta yatulutsa ankaulemba m'kope la sukulu, n'kufufuza tanthauzo lake liwu ndi liwu. Makope atatu anadzaza. Panali masiku amene ankatuluka m'shopumo maso ali psuu, atalumbira kuti sabweranso, koma mawa lake masana anali atafika kale ndi tsache.

Pa nthawi yomweyi mng'ono wake anakwatiwa, anagula kagalimoto kofiira, ndipo ankadutsa nako pamsewu wa shopuyo. Mkuluyu akangokaona ankabisala kuseri kwa kauntala, mano ali gwa. A Magalasi ankamuseka. "Nsanje yakoyi tikanailumikiza ku soketi, bwenzi magetsi sakuzima muno."

Zinamutengera zaka zinayi. Anayamba ndi mphunzitsi wina amene anafufuta makalata mwangozi. Kenako kunabwera loya, kenako mwini famase yogulitsa mankhwala. Anthu ankauzana kuti, "Maimelo akakusowa, pita kwa Mayi Swichi." Dzina lomunyoza lija linasanduka dzina la ntchito. A Magalasi maso atayamba kuchita chidima, anamusiyira tebulo lawo. Komabe kampani ija inkadziwa chinthu chimodzi chokha, kuti wokolopa wopanda sukulu anapha makalata awo, ndipo zimenezo zinkamuwawabe ngati zachitika dzulo.

Lachitatu lina, pakhomo pa shopu panaima mng'ono wake, atakumbatira kompyuta yakale yafumbi, bulauzi yonse yada.

"Asisi, ndithandizeni."

Nkhani yake inali iyi. Mwini nyumba imene munali ofesi yawo ankafuna kuwatulutsa. Kalekale anawalembera imelo yovomera kuti akhalemo zaka khumi, koma tsopano ankakana kuti sanalembepo zotero. Imeloyo inali m'bokosi lomwe lija linafa. Bwana anamuuza sekilitale kuti anayenera kuisindikiza papepala, ndipo ikapanda kupezeka pofika Lachisanu, aone msewu. Kompyutayo anakaifukula m'sitolo yosungiramo katundu wa kampani, pansi pa matayala akale.

"Katswiri wanu wa tayi ali kuti?" mkuluyo anafunsa.

"Akuti n'zosatheka."

"Paja izi si za ine."

Mng'onoyo anathyola khosi. Mkulu wake anamuyang'ana, ndipo sindikunamizani, mtima wake unkavina. Kenako anati, "Isiye apo."

Anatsegula kompyutayo, n'kuchotsa disiki. Poyamba anakopera zonse monga anaphunzirira, chifukwa disiki imene yakhala zaka m'fumbi ikhoza kufera m'manja. Atayang'ana mkati anaipeza fayilo ija, chinthu chachikulu zedi, zaka zisanu ndi chimodzi zounjikidwa malo amodzi. Deti lake linali Lolemba lomwe lija. Bambo wa tayi sanaiyese n'komwe, anangoisiya pomwepo.

Pulogalamu yokonzera inaima pakati. Anakoperanso, inaimanso pamalo omwewo. Kachitatu anasiya zolimbana ndi mndandanda wong'ambika uja, anatenga pulogalamu ina yoyenda m'fayilo monse n'kumatola makalata imodziimodzi. Lachinayi masana makalata anayamba kutuluka, mazanamazana, kutsika pasikirini. Analemba dzina la mwini nyumba pofufuzira. Imelo ija inali pomwepo, yathunthu, deti ndi zonse.

Foni inalira. Anali mng'ono wake. Anaisiya ikulira.

Apa ndiye pamene ndikufuna mumve bwino. Mayiyu anakhala pampando manja atapinda, akuganiza kuti, "Ndikangonena kuti zakanika, angadziwe ndani? Nayenso atuluke pageti lija ndi kalata m'manja. Nayenso amve kuwawa kwake." Anaziona m'maganizo mwake, kagalimoto kofiira kakutuluka komaliza, ndipo zinamukomera.

A Magalasi, amene ankawodzera pakona, anafunsa, "Zatheka?"

Mayiyo anayang'ana foni ija, n'kuikankhira kumbali.

"Ukanena kuti zakanika," anatero a Magalasi, "ndiye kuti wa tayi uja ananena zoona. Makalatawo unawapha ndiwe."

Mawuwo anamulasa. Zaka zinayi zodina swichi, makope atatu, manja otuwa ndi sopo, zonsezo azikwirire yekha chifukwa chofuna kuona mng'ono wake akulira? Anatukwana chamumtima, n'kutola foni.

"Uwauze abwana ako ndibwera ndekha mawa."

Lachisanu m'mawa analowa pageti lomwe lija. Pepala la lamulo linali likadali pachitseko, litachita chikasu. Pakhonde panali mayi wina wokolopa, atagwada. Anamupatsa moni, n'kulambalala ponyowa.

Analowetsa m'kompyuta fulashi imene anakoperamo makalata aja, anthu onse atamuzungulira. Anatsegula imelo ya mwini nyumba. Bwana anaiwerenga kawiri, thukuta lili kamukamu. Kenako mayiyo anatsegula zina zonse, zaka zisanu ndi chimodzi, chaka ndi chaka m'fayilo yakeyake.

"Makalata anu ndi awa, bwana. Sanafe. Anali m'sitolo mwanu momwemu, pansi pa matayala."

Mayiyo anapita pachitseko, n'kumatula pepala lija.

"Chimene chimaononga maimelo anu ndi ichi. Munthu aliyense azitseka yekha pulogalamu, azimitse kompyuta bwinobwino, kagetsi kake kathime, kenako ndiye pakhoma. Musamaunjike zaka zonse m'fayilo imodzi, chaka chikatha muzisamutsa. Lachisanu lililonse muzikopera zonse padisiki ina yosungira padera. Ndipo mugule kabokosi ka batire koti magetsi akathima kompyuta isamazime mwadzidzidzi."

Ndiye mng'ono wake anaimirira pampando wozungulira uja.

"Bwana, tsiku lija ndine amene sindinatseke pulogalamu. Ndinkathamangira kukakwera basi. Ndinkadziwa, koma ndinaopa kunena."

Bwana anayang'ana pansi. "Mayi, tinakulakwirani," anatero, ndipo dalaivala amene anakuwa tsiku lija anali pomwepo akumva. Anamubweretsera tiyi m'kapu ya alendo. Anamwa pang'onopang'ono, mpaka dontho lomaliza.

Potuluka anaima pa mayi wokolopa uja. "Mayi, kompyuta ya munthu musamaizimitse pakhoma, ngakhale sikirini ide bwanji. Akakukakamizani, muwauze kuti Mayi Swichi anakana."

Mng'ono wake anamuperekeza mpaka pageti, misozi ili mbwembwembwe.

"Asisi, ine mpando umene uja ndi womwewo chiyambire. Inu muli ndi ntchito m'manja mwanu. Ndimakuchitirani nsanje."

Mkuluyo anaseka mpaka kugwira geti. Zaka zonsezi ankafuna kumva mawu amenewo, ndipo atawamva anapeza kuti akumumvera chisoni mwana wa mayi ake. Anamupukuta misozi ndi chala, n'kumuuza kuti abwerere asanamusowe pafoni.

Tsono inu amene mukuwerenga, sindikuuzani kuti musamachite nsanje. Ndikanakhala wabodza, chifukwa inenso ndimachita. Mnzanu akakupitirirani zimawawa, ndipo zidzawawabe. Koma nsanjeyo musakhale nayo pakhonde n'kumawerenga magalimoto a anthu. Pitani nayo kumene kuli wodziwa chimene inu simudziwa, mupemphe ngakhale tsache. Akakuuzani kuti si za inu, lembani mawuwo patsamba loyamba la kope lanu, n'kuyamba kuphunzira.

Mayi uja anamuuza kuti zonse zafa, chikhalirecho zinali pansi pa matayala, zikudikira munthu woti asatope nazo. Zanunso mwina zilipo. Osataya mtima.