Dzanja la Ba Manda pa Pulagi

Ku komboni ya Libuyu ukafunsa za Ezra Chimwaza, anthu ankayamba ayang'anana. Koma ukati "Ba Manda", ngakhale wogulitsa tomato ankakulozera kakontena kobiriwira kuseri kwa msika. Dzina lonyansali analisenza zaka zinayi, munthu woti anayamba kukonza makompyuta masikirini adakali ndi chimsana ngati mtsuko. Agogo ake anachokera ku Dedza kudzagwira ntchito ya njanji, ndipo Ezra anatengera iwo manja odekha ndi mtima wosaiwala.

Anamupatsa dzinalo ndi Clifton, mnzake amene ankagawana naye shopu m'tauni. Tsiku lina Ba Loyce, mayi wotayipira anthu makalata, anabweretsa kompyuta yawo, Ezra n'kuyamba kuisintha bayosi. Bayosi ndi kapulogalamu kokhala m'bolodi, chimake cha zipangizo zonse za m'kompyuta, kodzutsa makina onse, ndipo magetsi akaduka uli pakati pokasintha, basi, bolodiyo ndi maliro. Ezra anangotuluka pang'ono kukasamba m'manja. Clifton anazula pulagi kuti atchaje foni yake. Foni, abale! Ezra pobwerera anapeza foniyo ili pamagetsi, kompyuta itafa. Ba Loyce atabwera n'kuyamba kulira, mwana wa njoka uja anangokweza mapewa.

"Ni Ba Ezra," anatero. "Vinthu vikafika m'manja mwawo ni kumanda."

Mawuwo anakwera minibasi, kuzungulira makomboni kuchoka ku Linda mpaka ku Dambwa. Makasitomala anathawa, Ezra anasamuka m'tauni. Mkazi wake Comfort, amene ankaimba kutsogolo m'kwaya ya amayi, anatopa ndi kutchedwa Amai Manda, anakakhala benchi yakumbuyo.

Ezra sanakalipe, koma musanamizidwe, sanakhululuke. Ankangoti kuona maso a nkhono n'kudekha, uku akusanja mapurosesa akale, tiubongo ta makompyuta, m'chitini cha mabisiketi.

Clifton ndiye zinamuyendera. Anayamba kusindikiza matisheti ndi chipulinta chakale chimene chinkamvera kompyuta imodzi yokha, popeza chingwe chake chinalibe polowa pa makina amasiku ano. Lachitatu lina anagula purosesa yatsopano kuti ntchito izithamanga. Yakale ija anaiponya m'katoni ya zinyalala anthu akuona, akuti, "Ivi ni va Ba Manda." Silumesii, wotola zitsulo zakutha, anaibweretsa katoniyo ku Libuyu monga ankachitira sabata iliyonse, ndipo mawu a Clifton sanawasiye m'njira. Ezra anatola kapurosesako, kuwerenga nambala yake, n'kuseka mpaka kutsokomola. Amene anaimanga kompyuta ya Clifton ija anali iye mwini.

Chimene Clifton sankadziwa ndi ichi: bolodi yakale siizindikira purosesa yatsopano mpaka bayosi isinthidwe, ndipo kuti uisinthe, purosesa yakale iyenera kukhala kaye pamalo pake. Anayatsa, fani n'kuzungulira, sikirini bii! Anachotsa kabatire, anapemerera fumbi, anaitana anyamata awiri a madipuloma, koma ayi ndithu. Pamenepo n'kuti matisheti makumi asanu ndi limodzi a kwaya ya amayi akufunika Loweruka, ndipo mlembi wa kwayayo anali Ba Loyce.

Lachisanu m'mawa Clifton anatulukira pakontena, thukuta kamukamu.

"Ba Ezra, mudala wanga, nithandizeni."

"Ine ni Manda. Kumanda mufunako chani?"

Clifton anagwada, munthu wa nsapato zosongoka, pafumbi la Libuyu. Ezra anamuyang'ana kwa nthawi, ndipo kunena zoona, anamva kukoma mpaka m'mafupa. Kenako anafunsa nthawi imene amayi a kwaya abwere kudzaona matisheti. Clifton anati thwelofu. "Nizabwera thwelofu," anatero Ezra.

Ezra anafika kushopu ya Clifton amayi asanu ndi awiri atakhala kale pabenchi, Ba Loyce pakati. Sanapereke moni. Anatsegula chitini, kubwezera purosesa yakale, kompyuta n'kudzuka. Analowetsa fulashi, nayamba kusintha bayosi. Pasikirini panaoneka kamzere kokwawa pang'onopang'ono. Katafika pakati, Ezra anawerama, n'kugwira pulagi pakhoma ndi zala zitatu.

"Ba Ezra, osayesa!" Clifton anakuwa. "Mukazula apo bolodi izafa!"

"Ooo? Kansi muziba?" Ezra anagwedeza pulagiyo pang'ono. "Munazibira kuti? Uzani amai aba."

 Clifton anayang'ana kamzere, anayang'ana mulu wa matisheti oyera, anayang'ana Ba Loyce.

"Ni ine," anatero chapansipansi.

"Sinimvera bwino masiku ano. Nakalamba."

"Ni ine ninazula pulagi ya kompyuta ya Ba Loyce! Nenze kutchaja foni. Ba Ezra sanalakwe."

Ba Loyce anagwira pakamwa. Mayi wina anaomba m'manja kamodzi, "Mawe!"

Ezra sanachotse dzanja msanga. Zala zinkamuyabwa, ndipo mumtima ankafunitsitsa kuzula ndithu, kuti naye Clifton alawe zaka zake zinayi. Koma bolodi imeneyo anaimanga yekha, ndipo iye sanaphepo kompyuta chibadwire. Anadikira kamzere kafike kumapeto, kenako anazimitsa bwinobwino, anaika purosesa yatsopano, sikirini n'kuwala. Yakale anaipukuta ndi malaya n'kuibwezera m'chitini.

Ali pakhomo, Ba Loyce anamuthamangira.

"Ba Ezra," anatero. Dzinalo linamveka lachilendo pakamwa pawo. "Tinakulakwirani. Kunyumba kuli laputopu, nizabweretsa mawa."

"Laputopu ilinde," anatero Ezra. "Pa Sande muimirire mu tchalitchi, mukambe vamene mwamvera lelo, mokweza monga munakambira vija. Mukazi wanga muzamupeza pa benchi yakumbuyo. Mukamutenge na dzanja."

Anapanira chitini m'khwapa n'kupita kukakwera minibasi ya ku Libuyu.