Zaka za ba Madamu

Lachisanu, tchuthi cha Ogasiti

 Dzulo ndinatsala pang'ono kutaya ntchito yanga yoyamba.

Ntchitoyi anandipezera ndi amalume. Mnzawo, ba Mwansa, ali ndi kaofesi ku Kabwata komwe amalembera amalonda mapulogalamu a pakompyuta m'chinenero cha Python. Anati andiyese pa tchuthi chino. Ndikachita bwino, adzanditenganso mu Disembala.

Anandipatsa kachigawo ka pulogalamu ya jimu ina ya ku Kabulonga, malo ochitira masewera olimbitsa thupi, kosunga mbiri ya mamembala. Anandiphunzitsa kuti zaka za munthu sitizisunga ngati nambala wamba, poti zimasintha. Timazipanga chinthu chotchedwa property. Ukafunsa zaka, kachidutswa kotchedwa getter kamaziwerengera kuchokera pa tsiku lobadwa. Kachidutswa kolola kuzisintha, setter, sindinakalembe. Choncho zaka zimaoneka, koma palibe angazikhudze.

Dzulo tinapita kukaonetsa ntchito. Mwini jimu, amene onse amawatchula ba Madamu, anayamba ndiwo kuyesa. Sikirini ya pakhomo inawalonjera ndi dzina, pansi pake n'kulemba 52, anthu onse akuona.

"Ba Mwansa, iyi kompyuta yanu inama," anatero.

Anakhala pampando n'kulemba 39. Pulogalamu inakana ndi mawu ofiira. Analembanso, akumenya mabatani mwamphamvu. Inakananso.

"Nindani anapanga ichi?"

"Ndine, ba Madamu."

"Iwe mwana, jimu ni yanga, zaka ni zanga. Manje nizipempha kuli iwe? Ngati sizisintha, nyamulani vonse muyende."

Ba Mwansa anandinong'oneza, thukuta lili kamukamu: "Ikako chabe setter, tisaluze kasitoma."

Koma ndinakumbukira kuti pulogalamuyo imasankhira munthu masewera poyang'ana zaka. Pa 39 ikanaika ba Madamu m'gulu lodumpha mabokosi, chonsecho masitepe a pakhomo anakwera atagwira bondo. Ndinapempha kuti andipatse kanthawi.

Zaka zenizeni ndinazisiya mmene zinalili, zoonedwa ndi mphunzitsi wa masewera yekha. Sikirini ndinaipangira property ina, yomwe getter wake amayankha chimodzimodzi kwa wamkulu aliyense. Kenako ndinauza ba Madamu kuti ayesenso.

Sikirini inalemba: "Wapitirira 18."

Ba Madamu anayang'ana nthawi yaitali. Kenako anakonza wigi.

"Apa manje yakamba zoona."

Mu minibasi pobwerera, ba Mwansa anaseka mpaka kondakitala anatembenuka. Potsika anati, "Disembala ubwele."

Ndaphunzira kuti property siyang'anira zolowa zokha. Imasankhanso zoti zituluke, ndi kwa yani. Ndipo kasitomala akakuwa kuti nambala isinthe, nthawi zina amangofuna kuti anthu asaione.

Lolemba ba Mwansa akukalumikiza sikelo ku sikirini yomweyo. Mawa ndi Loweruka, koma ndilawirira ku ofesi, ndikabise makilogalamu ba Madamu asanakwerepo.