Chinangwa cha Alamu Anga

Chaka chimene nyanja inakwera mpaka kulowa m'mabwalo a anthu ku Nkopola, ine mantha anga anali pa dimba langa la tomato, limene lili kumunsi kwa nyumba ya alamu anga. Iwo amakonza injini za maboti, ndipo oyilo wakuda wotsala ankamusunga m'zigubu kuseri kwa bafa. Ine ndimawerenga chilichonse, ngakhale pepala lokulungira mandazi, ndiye ndinali nditaona penapake kuti oyilo akalowa m'nthaka sachokamo msanga. Kunyumba amati kuwerengako kumangondiwonjezera nkhawa, ndipo sanama.

Anthu atayamba kusamutsira feteleza ndi mankhwala a mbewu kumtunda, zigubu zija zinasowa.

"Alamu, zigubu zapita kuti?"

"Ndakasiya kumtunda kwa achimwene. Inunso mwalowa upolisi?"

Ndinaseka nawo, koma njinga yawo inali chigonere, tayala lophwa. Anazinyamula pamutu? Kenaka m'malire mwa dimba langa ndinaona dothi lofukulidwa kumene, pamwamba atazikapo mitengo ya chinangwa. Munthu amene chibadwire sanagwirepo khasu! Nditawerama ndinaona kuti maso a mitengoyo aloza pansi. Anadzala chozondotsa.

Mlamu sungamuuze kuti wanama mlongo wako ali pakhonde akumva. Ndinangotenga khasu.

"Alamu, chinangwachi sichiphuka chonchi. Ndikudzalireni bwino."

"Aaa, chisiyeni. Ndi mtundu wa ku Mozambiki, umamera choncho."

"Ndiye ndiuonetsetse, mwina n'kupemphako mbewu."

Khasu silinapite patali, linagunda pulasitiki. Alamu anayang'ana kunyanja nthawi yaitali ngati akudikira boti.

"Walahi, zotsekera zake n'zothina," anatero. "Madzi akanangodutsa pamwamba."

Mlongo wanga anakabwereka wilibala, n'kuiimika pakati pathu. Tinafukula, tinakweza, tinakankha mpaka kumtunda, alamu akudandaula msana, ine ndikupuma ngati mbuzi yokalamba.

Madzi anabwera, anakhalitsa, n'kuphwera. Tomato anabereka bwino, kupatula pangodya ya kumalire kuja, pamene masamba ankachita chikasu asanatulutse maluwa. Mwina ndi mchenga umene madzi anasiya. Koma ndikawafunsa ngati tinafukula zonse, alamu amayankha kuti "zonse" ndisanamalize n'komwe funso. Pangodyapo ndinaleka kudzalapo chakudya. Ndinaikapo nsungwi, ndipo ndikamadutsa ndimatapa dothi n'kununkhiza.