Shaki ya Mng'ono Wanga

Ntchito yojambula positala yoteteza shaki, nsomba zolusa za m'nyanja zamchere zija, inayamba kubwera kwa ine. Ndinaikana. Ndinkati nsomba yodya anthu angaimvere chisoni ndani? Mng'ono wanga, yemwe ndinamuphunzitsa ndekha kugwira pensulo, ndiye anaitenga.

Loweruka lina ndikudikira basi ku Dennistoun, dera lina la mumzinda wathu, ndinaona positalayo pakhoma. Shaki inali itakodwa mu ukonde, diso lake ngati la mwana wodwala. Inakongola moti mtima unandiwawa ndi nsanje.

Mayi wina wakutchalitchi kwathu anandigwira paphewa. "Mwajambula ndinu, eti?"

Sindinavomere, koma sindinakanenso. Ndinangomwetulira mpaka basi inafika. Mng'ono wangayo ndinadzamuyamikira patatha milungu itatu, pafoni, ndiponso mwachidule.